Mukazulitsa dzino: mmene mungasamalire bala kuti lipole popanda mavuto

Anthu ambiri akazulitsa dzino amaona ngati nkhani yatha pamene dzinolo latuluka. Koma pofika tsiku lachitatu kapena lachinayi, ena amabwerera kuchipatala atagwira tsaya, tulo atasowa, akudandaula kuti ululu wa tsopanowu ukuposa wa dzino lija. Ena magazi sasiya kudontha usiku wonse. Ena amatupa mpaka kukamwa kukanika kutseguka. Mukafunsitsa, ena mwa mavutowa amayamba ndi tizinthu timene munthu anachita kunyumba pa maola oyambirira, kawirikawiri pofuna kuti m'kamwa muyere.

Nkhani yonse yagona pa magazi oundana. Dzino likachoka limasiya dzenje lofika pafupa la nsagwada. M'dzenjemo mumadzaza magazi amene amaundana n'kukhala ngati nkhanambo ya pabondo, kungoti iyi ili pamalo onyowa, pamene lilime, chakudya ndi malovu zimaigunda tsiku lonse. Magazi oundanawo amaphimba fupa ndi mitsempha, ndipo mnofu watsopano umamera momwemo. Akakhazikika, bala limapola lokha. Akachoka msanga, fupa limakhala pamtunda, ndipo mavuto amayambira pomwepo. Pafupifupi malangizo onse ali m'munsiwa akufuna chinthu chimodzi: magaziwo aundane, ndipo akaundana asasokonezedwe.

Zimene muyenera kukhala nazo

Konzani izi musanapite kokazulitsa, chifukwa mukabwerako simudzafuna kuyendayenda:

- Tinsalu ta gauze tingapo. Pemphani ena apadera musanachoke kuchipatala. Akasowa, kampango koyera kochapa ndi kusita kamagwira ntchito.
- Kathumba ka masamba a tiyi wakuda wamba.
- Mchere, madzi owiritsa, kapu yoyera ndi supuni yaing'ono.
- Mswachi wofewa.
- Mapiritsi a paracetamol, amene ambiri amangoti Panado, ndi ibuprofen ngati thupi lanu limalola.
- Madzi oundana kapena botolo la madzi ozizira kwambiri, ndi kansalu kokulungira.
- Pilo yachiwiri ndi thaulo lakale loyala papilo.
- Wotchi kapena foni yoonera nthawi, ndi nambala ya chipatala chimene mwazulitsa.

Thonje wamba ndi mapepala a tishu asiyeni. Amanyenyeka n'kumatirira pabala, ndipo pochotsa amabwera ndi magazi oundana aja.

Musanakhale pampando wa dokotala

1. Nenani matenda anu onse ndi mankhwala amene mukumwa. Apa ndi pamene anthu ambiri amabisa, poganiza kuti mano sakhudzana ndi thupi lonse. Dokotala ayenera kudziwa ngati muli ndi matenda a shuga, HIV, vuto la chiwindi kapena impso, vuto loti magazi sachedwa kutuluka koma amachedwa kusiya, kapena ngati muli oyembekezera. Ayenera kudziwanso ngati mukumwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin, clopidogrel kapena aspirin, mankhwala a steroid, mapiritsi olera, kapena mankhwala olimbitsa mafupa monga alendronate. Amene analandirapo chithandizo cha khansa, makamaka chowotcha ndi makina kumutu kapena m'khosi, anene ngakhale papita zaka zambiri.

Chenjezo: musasiye nokha mankhwala oletsa magazi kuundana chifukwa choopa kutaya magazi. Kuwasiya kungabweretse sitiroko kapena vuto la mtima, zimene n'zoopsa kuposa magazi a m'kamwa. Dokotala akadziwa amakonzeka, mwina posoka balalo kapena kuikamo mankhwala othandiza magazi kuundana.

2. Ngati akubayani jakisoni wa dzanzi wa m'kamwa mokha, idyani musanapite ndipo tsukani mano bwinobwino. Padutsa maola angapo musanadyenso. Koma ngati akuuzani kuti akugonekani tulo, tsatirani zimene anena pa nkhani ya kusadya.

Ola loyamba

3. Lumani kansalu ka gauze molimba kwa mphindi 30 osatsegula pakamwa. Kansaluko kakhale pamwamba penipeni pa dzenje. Ngati kasunthira pa mano oyandikana, mukungoluma pachabe, chifukwa mphamvu yake sikufika pabala. Chimene chimaletsa magazi ndi kufinya kosalekeza, ndiye musakatafune, musalankhule, ndipo musamachotse mphindi zisanu zilizonse kuti muone ngati asiya. Kusuzumira kulikonse kumabwezera ntchitoyo poyambira. Onani wotchi, chifukwa mphindi 30 zimaoneka zazitali munthu ali chete.

Nthawi ikakwana, sambani m'manja ndipo chotsani kansaluko pang'onopang'ono. Ngati kauma n'kumata, kanyowetseni kaye ndi timadzi tochepa.

4. Mezani malovu, musalavule. Ambiri izi zimawanyansa, koma kulavula kumakoka magazi oundana aja. Dontho limodzi la magazi likasakanikirana ndi malovu limaoneka ngati magazi ambirimbiri, ndiye malovu ofiirira pa tsiku loyamba asakuopseni. Ngati achuluka moti simungameze, weramani n'kuwasiya atuluke okha pakansalu.

5. Dikirani dzanzi lithe musanadye kapena kumwa zotentha. Nthawi zambiri limatha pakati pa maola 2 ndi 4. Munthu ali ndi dzanzi amatha kudziluma lilime kapena tsaya, kapena kupsa ndi tiyi, osamva kanthu. Ana ndiye muwayang'anire kwambiri: amakonda kutafuna mlomo wa dzanziwo chifukwa ukumveka zachilendo, ndipo mawa lake amadzuka ndi chilonda chachikulu chotupa chimene makolo amaganiza kuti dokotala ndiye wachititsa.

Maola 24 oyamba

6. Musachukuche m'kamwa, musamwere pa kapaipi, musasute. Zitatuzi zikhoza kuchotsa magazi oundana aja. Ngakhale madzi amchere, amene ndi abwino kuyambira mawa, lero ayi. Kumwa madzi n'kofunika, koma imwani pakapu, n'kumeza basi.

Fodya ndiye amawononga pawiri. Kukoka utsi kumayamwa magazi a m'dzenje, ndipo nicotine amapanikiza timitsempha timene timabweretsa magazi pabala. Pewani kwa maola osachepera 72, ndipo sabata yathunthu ndiyo yabwino koposa. Ndudu zamagetsi ndi fodya woika m'kamwa zili m'gulu lomweli. Mowanso usiyeni tsiku limeneli chifukwa umachititsa magazi kuyambiranso.

Lilime nalo lili ndi chidwi. Limapita lokha kukafufuza pamene panali dzino. Mukalipeza lili pamenepo, libwezeni.

7. Imwani mankhwala a ululu dzanzi lisanatheretu, osadikira kuti ululu ufike pachimake. Munthu wamkulu akhoza kumwa paracetamol mapiritsi 2 a 500 mg pa maola 6 alionse, osapitirira mapiritsi 8 pa maola 24. Ibuprofen wa 400 mg amamwedwa pa maola 8 alionse mutadya kanthu. Mankhwala awiriwa amagwira ntchito mosiyana, choncho n'zotheka kumwa onse, ndipo pa ululu wa mano amathandiza kwambiri akaphatikizidwa.

Ibuprofen si wa aliyense. Amene ali ndi zilonda zam'mimba, vuto la impso, mphumu imene imadzuka ndi mankhwala otere, amayi oyembekezera, ndi amene akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana, asamwe popanda kufunsa dokotala. Ana, anthu ochepa thupi kwambiri ndi odwala chiwindi ali ndi mlingo wawo wa paracetamol. Onetsetsaninso mankhwala a chimfine amene muli nawo m'nyumba, chifukwa ambiri ali kale ndi paracetamol mkati, ndipo munthu amatha kupitirira mlingo osadziwa. Aspirin musamwe ngati mankhwala a ululu, amachedwetsa magazi kuundana.

8. Ziziritsani tsaya. Kulungani madzi oundana m'kansalu, ikani kunja kwa tsaya kwa mphindi 15 mpaka 20, pumulani nthawi yofanana, kenako bwerezani. Musaike pakhungu osakulunga.

9. Pumulani. Kuthamanga, kunyamula zolemera ndi ntchito yowerama zimakweza kuthamanga kwa magazi ndipo bala limayambiranso kutuluka magazi. Pogona mutu ukhale pamwamba pa mapilo awiri, thaulo lija mutayala. Musagone ndi gauze m'kamwa, angakutsamwitseni.

10. Idyani zofewa, zofunda pang'ono kapena zozizira, ndipo tafunirani mbali inayo. Pewani zouma zokhukhuta, zokhala ndi tinjere ting'onoting'ono tolowa m'dzenje, zatsabola ndi zotentha kwambiri. Koma idyani ndithu. Thupi la njala silipoletsa bala msanga, ndipo wodwala shuga amene wamwa mankhwala ake osadya shuga wake amatsika moopsa.

Magazi akayambiranso

11. Choyamba siyanitsani. Malovu ofiirira si vuto. Vuto ndi magazi ofiira amene akudzaza m'kamwa pa mphindi zochepa, kapena zibulumwa zikuluzikulu zamagazi zimene zikungobwera.

Zikatero khalani tsonga, musagone. Pukutani pang'ono zibulumwa zimene zili kunja kwa dzenje, pindani gauze watsopano kuti akhale wochindikala, munyowetseni pang'ono, muikeni padzenje n'kuluma molimba kwa mphindi 30 zathunthu. Akapanda kusiya, nyowetsani kathumba ka tiyi m'madzi ozizira, kafinyeni, n'kukaluma mphindi zina 30. Mu tiyi wakuda muli tannin amene amathandiza timitsempha kutsekeka. Mukayesa kawiri motere magazi n'kumatulukabe, kapena mukayamba kumva chizungulire ndi kufooka, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ndi usiku. Pitani mukulumabe kansalu.

Kuyambira tsiku lachiwiri

12. Tsopano yambani madzi amchere. Sungunulani theka la supuni yaing'ono ya mchere m'kapu ya madzi owiritsa amene afunda, osati otentha. Ikani pang'ono m'kamwa, pendekani mutu kuti madziwo afike pabala, asungeni kwa theka la mphindi, kenako tsegulani pakamwa atuluke okha. Si kuchukucha kwamphamvu kumene timachita tikatsuka mano. Chitani zimenezi mukatha kudya ndiponso musanagone, katatu kapena kanayi patsiku, kwa sabata imodzi.

Kuchulukitsa mchere sikufulumizitsa kupola, kumangowawitsa mnofu. Ngati dokotala wakupatsani mankhwala ochukuchira a chlorhexidine, agwiritseni ntchito mmene wanenera ndipo musapitirire masiku amene watchula, chifukwa amadetsa mano ndi lilime. Mankhwala ochukuchira a m'sitolo okhala ndi spiriti asiyeni kaye.

13. Pitirizani kutsuka mano. Ena amasiyiratu sabata yonse poopa kugunda bala, ndipo m'kamwa mumadzaza tizilombo timene timakalowa m'bala lomwelo. Mano akutali ndi bala atsukeni monga mwa nthawi zonse. Oyandikana ndi dzenje atsukeni mofatsa ndi mswachi wofewa, osaulowetsa m'dzenjemo. Thovu la mankhwala otsukira mano lisiyeni lituluke lokha pa masiku oyambawa.

14. Chakudya chikalowa m'dzenje, musachitokose. Kamtengo kotokosera mano, pini, chala kapena nsonga ya lilime zimachotsa chakudyacho pamodzi ndi mnofu wanthete umene ukumera. Madzi amchere amachitulutsa, ndipo kanyenyeswa kotsalira sikaletsa bala kupola. Pakatha masiku angapo dokotala akhoza kukupatsani sirinji yopanda singano yotsukira dzenjelo, makamaka ngati ndi la dzino lakumapeto lam'munsi. Musayambe nokha njira imeneyi pa masiku oyamba.

15. Nsagwada ikauma, ifunditseni. Pakatha maola 48, kansalu konyowetsa m'madzi ofunda koika patsaya kamathandiza, pamodzi ndi kutsegula ndi kutseka pakamwa pang'onopang'ono kangapo patsiku.

16. Ngati anakusokani, funsani mtundu wa ulusi. Wina umasungunuka wokha pa sabata imodzi kapena ziwiri, wina umafuna kukachotsedwa pakatha masiku pafupifupi 7. Musaukoke ngakhale ukulendewera.

Bala limene likupola bwino limaoneka bwanji

Kutupa kumakula mpaka tsiku lachiwiri kapena lachitatu kenako kumayamba kuphwa. Anthu ambiri amadabwa kuti tsiku lachiwiri atupa kuposa loyamba, koma ndi mmene thupi limachitira. Khungu la patsaya likhoza kuda kapena kuchita chikasu kwa masiku angapo. M'dzenje, magazi akuda aja amasintha n'kuoneka oyerera kapena achikasu pang'ono. Amenewo si mafinya, ndi mnofu watsopano, ndipo ambiri amaupala poganiza kuti ndi chakudya. Nkhama zimayandikirana pa sabata imodzi kapena ziwiri, dzenje limatsekeka pamwamba pa masabata 3 kapena 4, koma fupa la mkati limatenga miyezi ingapo kuti lidzaze.

Muyeso wosavuta ndi uwu: musamafunse kuti kodi pakupweteka, muzifunsa kuti lero pakupweteka kuposa dzulo kapena ayi. Ululu umene ukucheperachepera, ngakhale pang'onopang'ono, ndi wa bala limene likupola. Ululu umene unayamba kuchepa kenako n'kukweranso ukufuna dokotala.

Ululu woopsa wa tsiku lachitatu

Vuto lofala kwambiri ndi limene madokotala amalitcha dry socket. Magazi oundana aja amachoka kapena kusungunuka nthawi isanakwane, fupa n'kukhala poyera. Limagwira anthu ochepa pa 100 alionse ozulitsa dzino wamba, koma chiwerengerocho chimakwera kwambiri pa mano akumapeto am'munsi, makamaka aja omera mopingasa amene amachita kudula nkhama ndi fupa pochotsa. Osuta fodya, amayi omwa mapiritsi olera, amene dzino lawo linavuta kutuluka, ndi amene zinawachitikirapo kale ali pachiopsezo chachikulu. Nthawi zina limabwera ngakhale munthu atatsatira malangizo onse.

Mmene mungalizindikirire: poyamba munali bwinobwino, kenako pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachisanu pamabwera ululu wakuya, wogunda, wofika kukhutu, kudiso kapena m'khosi mbali yomweyo. Mapiritsi amangouchepetsa pang'ono. M'kamwa mumanunkha ndipo mumamveka kukoma koipa. Mukayang'ana pagalasi dzenje limaoneka lopanda kanthu, mwina fupa lotuwa likuonekera. Kawirikawiri thupi silitentha ndipo tsaya silitupa kwenikweni, n'chifukwa chake anthu a pakhomo amatha kuona ngati munthuyo akukokomeza. Sakukokomeza, ululu wake ndi waukulu zedi.

Chochita n'kubwerera kwa dokotala wa mano tsiku lomwelo kapena mawa lake. Amatsuka dzenjelo kuti zotsalira zichoke, n'kuikamo mankhwala oziziritsa ululu, nthawi zambiri okhala ndi eugenol, mafuta ochokera ku zokometsera zakudya zotchedwa clove. Ambiri amamva kupepuka pasanathe ola limodzi. Ena amafunika kubwereranso kuti akasinthe mankhwalawo. Vutoli limatha lokha pa sabata imodzi kapena ziwiri, koma palibe chifukwa chovutikira masiku onsewo pamene chithandizo chake n'cha mphindi zochepa.

Maantibayotiki pa vuto limeneli sathandiza kwenikweni, chifukwa gwero la ululu ndi fupa limene lili poyera. Amene amathamangira kukagula makapisozi amataya masiku awiri atatu akudikira mankhwala amene sangatseke dzenjelo.

Bala likalowa tizilombo

Izi zimasiyana ndi za pamwambazi. Kutupa kumapitirira kukula pambuyo pa tsiku lachitatu, tsaya limatentha ndi kufiira, m'dzenje mumatuluka mafinya, thupi limatentha kufika madigiri 38 kapena kuposa, ndipo pansi pa chibwano pamatuluka mwanabere. Pitani kwa dokotala tsiku lomwelo. Apa ndi pamene maantibayotiki amagwira ntchito, nthawi zina pamodzi ndi kuboola kuti mafinya atuluke. Amweni mmene mwauzidwira mpaka masiku atakwana. Ngati mwapatsidwa metronidazole, musamwe mowa nthawi yonseyo ndiponso maola 48 mutamaliza.

Pali zizindikiro zina zimene sizidikira kuti kuche. Kutupa kukatsikira pansi pa chibwano ndi m'khosi, lilime likamakwera m'mwamba, mukamalephera kumeza malovu, mawu akasintha, kupuma kukamavuta, pakamwa pakamakanika kulowa zala ziwiri, kapena kutupa kukafika kudiso, pitani kuchipatala chachikulu nthawi yomweyo. Kutupa kwa pansi pa lilime kumatha kutseka njira ya mpweya pa maola ochepa.

Mavuto ena amene amadabwitsa anthu

Mizu ya mano akumbuyo am'mwamba imayandikana ndi mphako ya m'fupa la tsaya imene imalumikizana ndi mphuno. Nthawi zina dzino likachoka pamatsala kabowo pakati pa m'kamwa ndi mphakoyo. Mudzadziwa mukaona madzi amene mwamwa akutulukira m'mphuno, kapena mpweya ukudutsa pabala. Musamine kwa masabata awiri, poyetsemula tsegulani pakamwa, ndipo kaonaneni ndi dokotala. Kabowo kakang'ono kamatsekeka kokha, kakakulu kamafuna kusokedwa.

Dzanzi la mlomo wam'munsi, chibwano kapena lilime likapitirira tsiku lathunthu, ndiye kuti mtsempha wodutsa pafupi ndi mizu unakhudzidwa. Kwa ambiri limatha pa masabata kapena miyezi ingapo, koma dziwitsani dokotala msanga kuti aziliyang'anira.

Patapita masabata angapo mukhoza kumva kanthu kakuthwa kakutuluka m'nkhama. Ambiri amati dokotala anasiya chidutswa cha dzino. Kawirikawiri ndi kachidutswa ka fupa kamene thupi likukankhira kunja. Kamagwa kokha, ndipo kakamalasa lilime dokotala amakachotsa mosavuta.

Bala limene silikutsekeka

Matenda a shuga osalamulirika, chitetezo chotsika cha m'thupi, kusadya mokwanira, fodya ndi mankhwala a steroid zimachedwetsa kupola. Wodwala shuga aziyeza shuga wake pafupipafupi pa sabata imeneyi, ndipo amene ali pa ma ARV apitirize kumwa osadumphitsa.

Ngati patha masabata 3 kapena 4 bala lidakali lotseguka, likutuluka madzi kapena likupwetekabe, kapimitseni. Fupa loonekera kwa masabata 8 mwa munthu amene anamwapo kapena kubayidwa mankhwala olimbitsa mafupa, kapena amene anawotchedwapo khansa kumutu, ndi chizindikiro chakuti mbali ya fupa la nsagwada ikufa, ndipo zimafuna katswiri. Komanso nthawi zina dzino limagwedera chifukwa cha chotupa chimene chinali pansi pake, ndiye dzenje limene m'malo motsekeka likumera mnofu wotuluka magazi siloyenera kulidikirira.

Zolakwa zimene anthu amabwereza

Kuchukucha atangofika kunyumba. Magazi m'kamwa amanyansa, ndipo dzanja limathamangira kapu ya madzi. Cholakwa chimenechi chimachitika kawirikawiri.

Kusinthasintha gauze tsiku lonse. Magazi akasiya, gauze ntchito yake yatha. Kumangoika wouma ndi kuchotsa kumakanda bala.

Kuika zinthu m'dzenje. Piritsi la aspirin logoneka pankhama limawotcha mnofu n'kusiya chilonda choyera. Mowa waukali, fodya, phulusa, mankhwala otsukira mano, mapiritsi operapera ndi mafuta a clove osasungunula, zonsezi zimapsereza mnofu umene ukufuna kumera. Mankhwala a m'dzenje amaika ndi dokotala, atatsuka kaye.

Kusuta ndudu imodzi yokha. Masiku atatu oyamba alibe ndudu yaing'ono, ndipo kuphimba bala ndi gauze posuta sikuteteza mokwanira.

Kufunditsa tsaya tsiku loyamba. Kutentha kumawonjezera kutupa ndi kutuluka kwa magazi. Ndipo ngati tsaya latupa chifukwa cha mafinya, musalifunditse n'komwe.

Kumwa maantibayotiki otsala a munthu wina. Mwina si oyenera vutolo, mlingo wake ndi wosakwanira, ndipo amabisa zizindikiro zimene dokotala akanaona.

Kuwonjezera mapiritsi ululu ukakana. Paracetamol wopitirira mlingo amawononga chiwindi mwakachetechete, munthu osamva kanthu tsiku loyamba. Ngati mwapitirira mapiritsi 8 pa maola 24, pitani kuchipatala ngakhale mukumva bwino.

Kubwerera kuntchito yolemetsa tsiku lomwelo chifukwa dzanzi likunamiza kuti zonse zili bwino. Magazi amadzayamba madzulo, zipatala zambiri za mano zitatseka.

Kuopa kubwerera kwa dokotala chifukwa munaphwanya malangizo. Ngati munasuta kapena munachukucha, nenani momwemo, pamodzi ndi tsiku limene ululu unayamba kukwera ndi mapiritsi onse amene mwamwa. Dokotala akamva zimenezi amadziwa msanga ngati akutsuka dzenje, kulemba maantibayotiki kapena kujambula nsagwada.